Khola la rehab ku Kyalami: mwendo amaubweza bwino, koma hatchi ya ana a sukulu mumaimaliza nokha

Amene mumagwira ntchito m'makola a mahatchi ku Kyalami, Beaulieu, Glenferness kapena Sun Valley, kumpoto kwa Johannesburg ku South Africa, mukudziwa kuti sukulu iliyonse yophunzitsa kukwera ili ndi hatchi imodzi imene imasenza sukulu yonse. Kawirikawiri imakhala ya zaka 18 kapena kuposa, yofatsa, yosadzidzimuka ndi pepala louluka, yoti mwana wa zaka 6 n'kuikoka kamwa iyo osamuchita kanthu. Hatchi yotereyi ikavulala mtsempha wa mwendo, ndalama za sukulu zimatsika nthawi yomweyo, ndipo abwana amayamba kufunsa groom, wosamalira hatchiyo, m'mawa uliwonse kuti mwendo uli bwanji, ngati kuti iyeyo ndiye akuuchedwetsa. Apa m'pamene ambiri amaganiza zoitumiza ku rehab, makola amene amasunga hatchi yovulala miyezi ingapo n'kumaiyendetsa mwadongosolo mpaka ichire. Pano tikunena za khola limodzi lotere la m'dera la Kyalami, kumene masukulu angapo amatumiza mahatchi awo.

Tinene poyambirira mmene tikulionera. Pa miyezi 4 mpaka 6 yoyamba, pamene hatchi ikufunika kuyendetsedwa pang'onopang'ono ndi kugwiridwa mwendo tsiku ndi tsiku, khola ili ndi labwino ndipo ndalama yake siipita pachabe. Makina a m'madzi amene amawaonetsa kwambiri pa Facebook si amene amachiza. Ndipo akamakubwezerani, amakupatsani hatchi yoti akwere munthu wodziwa, osati mwana wongoyamba kumene. Gawo lomalizalo ndi lanu, ndipo iwo sanena momveka kuti ndi lanu.

Polandira hatchi sathamanga. Amafuna kalata ya dokotala wa ziweto yotchula mtsempha umene wavulala, zithunzi za sikani, ndi pasipoti ya hatchi yoonetsa katemera wa matenda a African horse sickness, wa chimfine cha mahatchi ndi wa kafumbata. Wobwera ndi mawu okha oti "ikutsimphina kumanzere, a dokotala anati ndi tendon" amamubweza kuti akatenge mapepala. Akulondola, chifukwa kumbuyo kwa mwendo, pakati pa bondo ndi fetlock (mfundo ya m'munsi, chapamwamba pa chiboda), kuli mitsempha ikuluikulu itatu yogundana. Pafupi ndi khungu pali superficial flexor, umene ukang'ambika mwendo umatupa n'kuoneka wokhota kumbuyo. M'kati mwake muli deep flexor, umene umatsika mpaka m'kati mwa chiboda. Pafupi ndi fupa pali suspensory, umene umagawanika pawiri pamwamba pa fetlock ndipo ndi umene umagwira fetlock kuti isatsikire pansi. Uliwonse uli ndi mayendedwe ake ndi nsapato zake, ndiye ukasokoneza waononga miyezi.

Masiku oyamba hatchi imakhala payokha, akuiyeza kutentha m'mawa ndi madzulo, kumene kwa hatchi yabwinobwino kumakhala pakati pa madigiri 37.5 ndi 38.5. Kulemera amayeza ndi tepi: kuzungulira chifuwa kuseri kwa miyendo yakutsogolo, nambalayo kuichulukitsa ndi iyo yomwe, kuchulukitsanso ndi kutalika kuchokera pa phewa mpaka pa fupa lakumapeto kwa thako, zonse m'masentimita, kenako kugawa ndi 11,877. Hatchi ya chifuwa cha 185 ndi kutalika kwa 165 imatuluka pafupifupi makilogalamu 475. Nambala imeneyi muisunge, chifukwa chakudya, mankhwala ndi kulemera kwa wokwera zonse zimawerengedwa kuchokera pamenepo.

Chimene chimawasiyanitsa ndi makola ena n'chakuti hatchi ikapitirira zaka 15 amapempha mwini wake kuti ayezetse magazi kuti aone mlingo wa homoni ya ACTH asanayambe china chilichonse. Akufufuza matenda a Cushing's, amene madokotala masiku ano amati PPID, ndipo pafupifupi hatchi imodzi pa 5 ya msinkhu umenewu imakhala nawo. Zizindikiro zake ambiri timaziona koma timati ndi ukalamba basi: ubweya wa nthawi yozizira ukukana kuthothoka ngakhale Okutobala atafika, msana ukulowa, hatchi ikumwa ndi kukodza kwambiri, tizilonda tikuchedwa kupola, ziboda zikugwidwa laminitis, kutupa kopweteka kwa m'kati mwa chiboda. Hatchi yotere mitsempha yake imachira mochedwa, ndipo kuiyendetsa miyezi 9 osachiza chimene chikuifooketsa m'kati n'kutaya ndalama. Mankhwala ake ndi pergolide, piritsi la tsiku lililonse moyo wake wonse. Dziwaninso kuti ACTH imakwera yokha m'miyezi ya Malichi ndi Epulo kuno kumwera, ndiye zotsatira za nthawi imeneyo dokotala amaziwerenga mosiyana. Mano nawonso amawaona sabata yoyamba. Mukapeza timipukutu ta udzu wotafunidwa theka pansi pa khola, dziwani kuti mano akumbuyo sakupera.

Ntchito yeniyeni ya khola ili imachitika isanakwane 7 koloko m'mawa, hatchi isanatuluke. Groom amavula mabandeji onse awiri n'kudikira mphindi zingapo kuti kutentha kwa nsalu kuchoke. Kenako amanjuta pambali pa mwendo, osati kutsogolo, n'kutsetsereka ndi chikhato kuchokera pansi pa bondo mpaka pa fetlock: mwendo wovulala, wabwino, wovulala kachiwiri, ndi dzanja lomwelo. Akatero amanyamula mwendo kuti mitsempha ilefuke, n'kumatsina uliwonse pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, pang'onopang'ono kutsika, maso ali pa makutu ndi pa phewa la hatchi kuona ngati ikuthawa dzanja. Kuseri kwa fetlock amamva kugunda kwa magazi, kumene pa mwendo wabwino kumavuta kukupeza, ndiye kukamamveka mwamphamvu pali vuto. Pomaliza amatenga tepi ya telala n'kuyeza kuzungulira mwendo pamalo amodzi omwewo, amene anawameta kachizindikiro ndi makina, n'kulemba nambalayo m'kope limene limapachikidwa pa chitseko. Lamulo lawo n'lakuti mwendo ukakula ndi theka la sentimita kapena ukatentha kuposa unzake, ntchito ya tsiku limenelo imabwerera pa mlingo wa sabata yatha ndipo dokotala amaimbiridwa. Zonsezi sizitenga mphindi 10, koma ndi zimene mukulipira. Magroom angapo kumeneko ndi akwathu, ndipo mukapempha amakulolani kuimirira pambali n'kuona mmene amachitira. Pitani mukaone, achimwene, dzanja limaphunzira pogwira.

Kuyendetsa amayamba ndi mphindi 5 mpaka 10 kawiri pa tsiku, munthu atagwira chingwe, pa njira yolimba yosalala, mowongoka. Pa masabata awiri alionse amawonjezera mphindi 5, mpaka pofika mwezi wachitatu hatchi ikuyenda mphindi 30 kapena 40. Sikani imabwerezedwa pakatha masabata 8 mpaka 12, ndipo trot (kuthamanga pang'onopang'ono) sayamba dokotala asanaone pa sikani kuti bowo la mumtsempha ladzaza ndipo ulusi wake ukuyamba kugona mowongoka. Chifukwa chake n'chakuti ululu umatha msanga kuposa chilonda. Pakatha masabata ochepa hatchi imasiya kutsimphina, imayamba kuvina m'khola, aliyense n'kumati yachira, pamene mtsempha udakali wofewa. Pamalo pong'ambika pamamera chipsera, ndipo chipsera sichitamuka ngati mtsempha weniweni. N'chifukwa chake hatchi ikavulalanso, nthawi zambiri imang'ambika pamwamba kapena pansi pa chipseracho, pamene mbali yolimba ikukumana ndi yotamuka.

Trot ikaloledwa, kawirikawiri pakati pa mwezi wa 4 ndi wa 6, amayamba ndi mphindi 2 zokha pa tsiku, zodulidwa m'tizigawo ta masekondi 30, mowongoka, wokwera ali wopepuka. Amawonjezera pang'ono pa masabata awiri alionse mpaka mphindi 15 kapena 20, kenako sikani ina, kenako canter (liwiro loposa trot) cha m'mwezi wa 8 kapena wa 9. Kwa hatchi ya zaka 19, chaka chathunthu si chachilendo, ndipo iwo amauza mwini wake zimenezi tsiku loyamba popanda kunyengerera. Hatchi imene yatopa ndi kukhala m'khola amaiyendetsa itavala bridle, zingwe za kumutu zokhala ndi chitsulo cha m'kamwa, osati halter yopanda chitsulo, ndi chingwe chachitali, woyendetsa atavala magolovesi ndi chipewa cholimba. Ikafika pomadumpha, amaitana dokotala kuti aipatse mankhwala oiziziritsa mtima. Saibaya okha, ndipo n'zoyenera, chifukwa ena mwa mankhwalawa, acepromazine, amatha kuchititsa kuti chida cha hatchi yaimuna chilendewere osabwerera.

Pali chinthu chimodzi apa chimene sitigwirizana nacho. Ali ndi walker, makina oyendetsa mahatchi mozungulira, ndipo Lamlungu ndi masiku a tchuthi, antchito akachepa, mahatchi amene amayenera kuyendetsedwa ndi dzanja amalowetsedwa m'menemo. Walker imayendetsa hatchi mokhota nthawi yonse, kulemera kukugwera mbali imodzi ya mwendo, ndipo imodzi ikayamba kusewera zonse zimadumpha popanda woigwira. Kwa suspensory, makamaka nthambi zake za pa fetlock, zimenezi zikhoza kubweza m'mbuyo ntchito ya miyezi iwiri. Pemphani kuti zilembedwe m'pangano kuti hatchi yanu siilowa mu walker mpaka dokotala atavomereza.

Mabandeji amamanga bwino: thonje lokhuthala losakwinyika, bandeji ikuphimba theka la mzere wapitawo, kukoka pa fupa kutsogolo osati pa mtsempha kumbuyo, ndipo miyendo yonse iwiri, chifukwa mwendo wabwino ndi umene ukusenza kwambiri. Bandeji yothina pamalo amodzi imatha kuvulaza mtsempha wabwinobwino, ndiye amavula ndi kumanganso tsiku lililonse. Koma amachedwa kuwasiya. Kutupa kukatha, hatchi siifunikanso kugona ndi mabandeji miyezi ndi miyezi, chifukwa amasunga kutentha ndipo khungu limayamba kunyuka. Madzi ozizira a payipi kwa mphindi 15 mpaka 20 pambuyo poyenda amathandiza kuposa.

Pa chakudya akudziwa. Udzu wouma amapereka pakati pa 1.5 ndi 2 peresenti ya kulemera kwa hatchi pa tsiku, ndiye ya makilogalamu 475 imadya 7 mpaka 9 ndi theka, udzu wa teff kapena eragrostis, ndi lucerne pang'ono. Amauika mu neti ya mabowo ang'onoang'ono kuti usathe msanga, chifukwa hatchi yotsekeredwa, ya mimba yopanda kanthu maola ambiri, yomwe ikumwanso bute, mankhwala opha ululu, imayamba zilonda za m'mimba. Chakudya cha m'matumba amachichepetsa kwambiri n'kusiya balancer ya mavitamini ndi mchere wa m'thupi. Ya mano otha amainyikira ma cube a chakudya m'madzi mpaka afewe ngati phala. Mu Juni ndi Julayi, madzi a m'ndowa akazizira ndi chisanu, mahatchi amamwa pang'ono ndipo udzu umauma m'matumbo n'kuyambitsa colic, kupweteka koopsa kwa m'mimba, ndiye m'mawa amathira madzi ofunda ndi kuika mchere m'chakudya, komanso amawerenga ndowa kuti aone ngati yamwa malita 25 kapena kuposa. Timapadoko tawo, timabwalo totchingidwa totulutsirako hatchi, ndi ta udzu wa kikuyu, monga mmene zilili pafupifupi paliponse kuno, ndipo kikuyu ili ndi oxalate imene imamanga calcium kuti thupi lisaigwiritse ntchito. Lucerne ija ndi balancer zimathandiza pamenepa.

Cholakwika chawo n'chakuti mahatchi ambiri amatuluka atanenepa. Eni ake amakondwa kuona hatchi yonona yonyezimira, ndipo khola limadziwa zimenezo. Koma nthiti ziyenera kumveka mukasisita ndi dzanja ngakhale zisakuoneka, pamene pa sikelo ya Henneke ya 1 mpaka 9 ndi pa 5. Makilogalamu 30 owonjezera amatsikira pa mtsempha womwewo pa sitepe iliyonse.

Tsopano treadmill ya m'madzi, makina aja amene hatchi imayenda pa lamba ili m'madzi. Si chinyengo ayi. Madzi akakhala ofika pa fetlock kapena pa bondo, hatchi imanyamula miyendo m'mwamba ndipo mfundo zimapindika kwambiri. Akakwera kufika pamimba amachepetsa kulemera kumene miyendo ikusenza, koma kukankha madzi kumagwiritsa ntchito msana ndi matako. Kwa hatchi yokalamba imene msana wake watha chifukwa chokhala, zimenezi zimabweza minofu. Amayamba ndi mphindi 5 mpaka 10 ndipo sapitirira 20, ndipo woyendetsa makinawo amaonetsetsa kuti hatchi siikugwedera kapena kukweza mutu chifukwa chotopa. Vuto n'lakuti amaigulitsa ngati phukusi kwa aliyense, ndipo nthawi iliyonse hatchi ikalowa amalipiritsa payokha. Mtsempha umalimba ndi kuponda pansi pouma mowonjezera pang'onopang'ono, ndipo madzi sangalowe m'malo mwa zimenezo. M'madzi akuya mwendo umatsalira kumbuyo kwambiri usananyamuke, ndiye pa deep flexor ndi pa suspensory ya miyendo yakumbuyo madokotala ena amaletsa kapena amalamula madzi ochepa. Funsani dokotala wanu, osati wogulitsa phukusi. Komanso miyendo ikamanyowa kawirikawiri osapukutidwa bwino, kuseri kwa chiboda kumatuluka nkhanambo za mud fever, ziboda zimafewa ndipo nsapato zimaguluka. Hatchi ya bala kapena ya ulusi wosokera bala wosachotsa isalowemo n'komwe. Physio, wotikita ndi kulimbitsa minofu, amene amabwera kumeneko, funsani ngati analembetsedwa ku South African Veterinary Council. Zambiri zimene amachita pa msana mukhoza kupitiriza nokha ndi karoti: hatchi itaima molunjika, muziikokera mutu pachifuwa, pakati pa mawondo, kenako mbali iliyonse cha ku nthiti, kugwira masekondi angapo, kasanu pa malo alionse, itatenthetsa kale thupi.

Farrier wawo, wosema ziboda ndi kuika nsapato, amabwera pa masabata 5 alionse ndipo amawerenga kalata ya dokotala asanagwire chiboda, chinthu chimene si onse amachita. Chala cha chiboda chikatalika ndipo chidendene chikagona, mitsempha yakumbuyo imakokeka kwambiri pa sitepe iliyonse. Koma kukweza chidendene ndi wedge, kachidutswa koika pansi pake, si mankhwala a zonse. Kumapeputsa deep flexor, koma kumawonjezera katundu pa superficial flexor ndi pa suspensory. Ambiri alakwitsa apa poganiza kuti tendon iliyonse imafuna wedge. Hatchi ikamabwerera kwanu, pemphani kuti farrier wawo alankhulane ndi wanu, chifukwa kusintha kaimidwe ka chiboda mwadzidzidzi sabata yomwe ntchito ikuyamba n'kuputa mavuto.

Za bute ndi oona mtima. Amalemba m'kope tsiku lililonse limene hatchi yamwa, ndipo dokotala asanabwere kudzaiona ikuthamanga amaisiyitsa masiku angapo, chifukwa bute imabisa ululu. Poiyesa amaithamangitsa trot pamalo olimba, chingwe chili cholefuka kuti mutu uziyenda wokha. Mwendo wakutsogolo wopweteka ukamaponda, mutu umakwera, ndipo umatsika wabwino ukamaponda. Dokotala amapereka nambala ya kukula kwa kutsimphinako, pakati pa 0 ndi 5. Hatchi ya nyamakazi ya m'mfundo, imene mahatchi okalamba ambiri ali nayo, imauma kwambiri ikakhala m'khola, ndiye mphindi zoyamba imayenda mokakamira kenako n'kumasuka. Ya mtsempha zimatembenuka: imayamba bwino n'kumaipiraipira ntchito ikamapitirira.

Nyengo ya kuno ku Highveld nayo ili ndi gawo. Kuyambira Meyi mpaka Seputembala mvula kulibe, nthaka imauma gwa, zimene zili bwino poyendetsa koma zoipa pa trot ya mfundo zokalamba. Kuyambira Okutobala mvula ya mabingu ya masana imasandutsa padoko matope oterera, ndipo hatchi imene yangotulutsidwa kumene ikamva bingu imathamanga. Iwo amayamba ndi kapadoko kakang'ono kosaposa makola awiri kapena atatu kukula kwake, m'mawa, itadya kale, ili ndi inzake yofatsa pafupi. Katemera wa African horse sickness amaperekedwa pakati pa 1 Juni ndi 31 Okutobala, mabotolo awiri otalikirana masabata osachepera 3, ndipo madokotala ambiri amati ntchito ichepe m'masabata amenewo. Konzani kuti katemerayo agwe pamene hatchi idakali pa kuyenda, osati sabata yoyamba ya canter.

Tifike pamene khola ili limatisiya panjira. Tsiku lotuluka amakuonetsani hatchi ikuyenda, ikuchita trot ndi canter pansi pa wokwera wawo, munthu wopepuka wodziwa kukhala pa chishalo, mu arena (bwalo lamchenga lokwerera) yosalazidwa m'mawa womwewo. Amakupatsani pepala limodzi lolembedwa kuti ibwerere ku ntchito pang'onopang'ono, basi. Koma ntchito ya hatchi ya sukulu si imeneyo. Mwana wongoyamba amagwera pa msana pa sitepe iliyonse ya trot, amapendekera mbali imodzi, amakhotetsa hatchi mwadzidzidzi ndi dzanja, amaimirira mphindi 10 mphunzitsi akulankhula minofu n'kuzizira kenako n'kuuzidwa kuti trot. M'mbali mwa arena ya sukulu mumakhala kanjira kokumbika, ndipo m'makona mchenga umaunjikana. Palibe chilichonse mwa izi chimene hatchi yaphunzira ku rehab, ndipo iwo safunsa n'komwe kuti kwanu imagwira ntchito yanji.

Chishalonso sachiona. Pakatha miyezi 9 msana wasintha, minofu ya kuseri kwa mapewa yalowa, ndiye chishalo chakale chimatsika n'kukhudza fupa la withers, la pamwamba pa mapewa. Zala ziwiri kapena zitatu ziyenera kulowa pakati pa fupalo ndi chishalo wokwera ali pamwamba. Musaunjike manumnah (nsalu za pansi pa chishalo) awiri atatu kuti mubise vutolo, chifukwa mukungothinitsa. Itanani wokonza zishalo hatchi isanayambe, ndipo abwerenso pakatha miyezi iwiri kapena itatu minofu ikabwerera.

Ndiye kwanu chitani chonchi. Masabata awiri oyamba asakwere mwana aliyense. Akwere munthu wodziwa, wopepuka, kubwereza ndendende zimene imachita ku rehab, kuti muone mmene mwendo ukulandirira arena yanu. Lowetsani chala mumchenga m'makona: ukapitirira masentimita 10 ndi wakuya, ndipo mchenga wakuya ndi mdani wa mitsempha, ndiye salazani musanalowe. Sabata yachitatu ndi yachinayi ayambe ana aang'ono pa lead rein, wina atagwira chingwe, kuyenda kokha, mphindi 20 mpaka 30, katatu pa sabata, osati masiku otsatizana. Mwana asanakwere, groom aiyendetse ndi dzanja mphindi 10 mpaka 15, ndipo m'nyengo yozizira muwonjezere. Aliyense akwerere pa mounting block, chopondera chokwerera, ngakhale amene amadzitama kuti amatha kudumphira. Mwendo ukakhala chete mwezi wathunthu, lolani trot m'mbali zazitali za arena zokha, makona aziyenda, ndi ana amene amatha kale kunyamuka ndi kukhala motsatira sitepe. Ikamazungulira, bwalolo lisachepere mamita 20 m'mimba mwake. Ma lesson a pa lunge, pamene hatchi imazungulira mphunzitsi pa chingwe chachitali, aiwaleni kwa miyezi ingapo. Tikudziwa kuti apa m'pamene pamabuka mkangano, chifukwa hatchi yofatsa yokalamba ndi imene mphunzitsi aliyense amaifuna pa lunge, koma kuzungulira mphindi 30 pa bwalo laling'ono ndi njira yachidule yobwerera ku sikani.

Wokwera pamodzi ndi chishalo asapitirire 15 peresenti ya kulemera kwa hatchi pa miyezi yoyamba, ndiye pa ya makilogalamu 475 ndi pafupifupi 70. Lesson ikhale imodzi pa tsiku. Mitengo yogoneka pansi ndi yabwino, yotalikirana pafupifupi masentimita 90 poyenda ndi mita imodzi ndi masentimita 20 kapena 30 pa trot, koma zodumpha dikirani mawu a dokotala, ndipo kwa mahatchi ena mawuwo sadzabwera. Tsiku loopsa ndi Loweruka, pamene ana amabwera motsatizana kuyambira m'mawa ndipo wina amati "ingowonjezerani kamodzi, ndi kamwana kakang'ono". Chimodzimodzi ma pony camp a pa holide ndi nyengo ya mipikisano ya SANESA, ya ana a sukulu okwera mahatchi, makolo akamafuna hatchi yodalirika yoti mwana ayeserere.

Lesson ikatha vulani maboot a ku miyendo ya hatchi nthawi yomweyo, chifukwa amasunga kutentha pa mtsempha, thirani madzi ozizira, ndipo gwirani mwendo madzulo ndi m'mawa wotsatira, pakuti kutupa kumakonda kuonekera tsiku lotsatira. Mtima wa hatchi yopuma umagunda ka 28 mpaka 44 pa mphindi, ndipo pambuyo pa lesson yopepuka uyenera kutsika pansi pa 60 mkati mwa mphindi 10 kapena 15. Onaninso zimene si za mwendo: makutu kugona mukamamanga girth (lamba wa chishalo), mchira kukupiza popanda ntchentche, kupunthwa, kukana kupita patsogolo. Pa hatchi imene zaka zonse inali yomvera, umenewu si ulesi, ndipo kupatsa mwana chikwapu n'kulakwa.

Kope lija la pa chitseko, pemphani alijambule likhale lanu, ndipo pitirizani kulemba momwemo. Groom akangonena pakamwa kuti mwendo sukuoneka bwino, madamu akhoza kuyankha kuti iwo sakuona kanthu ndipo ana afika kale. Koma akaonetsa kuti Lachitatu unali masentimita 21 ndipo lero ndi 22, nkhani imatha msanga, ndipo zikadzavuta palibe amene angamuloze chala.

Pa ndalama, mtengo wa pamwezi ndi wa khola, udzu, kuyendetsa ndi mabandeji. Treadmill, physio, farrier, kubwera kwa dokotala, sikani, mankhwala ndi horsebox yonyamulira hatchi zonse n'zapadera, ndipo bilu ya mwezi wa sikani imadabwitsa ambiri. Muuze abwana apemphe mndandanda wolembedwa asanasaine, komanso anene kuti chowonjezera chilichonse chiziyamba chavomerezedwa pa WhatsApp. Mauthenga amatumiza kamodzi pa sabata ndi kavidiyo kakafupi, koma vidiyoyo imakonda kujambulidwa chammbali pamalo ofewa. Pemphani ya kutsogolo ndi kumbuyo pamalo olimba. Zikavuta kwambiri amatumiza hatchi ku chipatala cha mahatchi chapafupi kapena ku Onderstepoort, chipatala cha ziweto cha University of Pretoria, ndipo amayamba afunsa mwini wake. Sukulu imene ili ndi groom mmodzi wodziwa, njira yowongoka yolimba, ndi abwana oleza mtima ikhoza kutumiza hatchi miyezi 4 mpaka 6 yokha, mpaka sikani yolola trot, n'kumalizira kwawo. Imene groom mmodzi akusamalira mahatchi 10 isiye hatchi komweko mpaka canter.

Pali mtundu umodzi wa hatchi umene sitikulangizani kutumiza, ngakhale iwo amaulandira. Imani kumbuyo ndi pambali muone fetlock za miyendo yakumbuyo. Zikakhala kuti zonse ziwiri zatsika kuyandikira pansi, mwendo wakumbuyo wawongoka kuposa kale, ndipo hatchi imangosinthasintha mwendo woimira, kawirikawiri ndi suspensory imene ikutha yokha ndi ukalamba, osati kung'ambika kwa tsiku limodzi. Imeneyo siibwerera ndi kuyendetsa kapena madzi. Dokotala akatsimikiza, ndalamazo zipite kwa farrier, ku mankhwala a ululu ndi ku padoko losalala, ndipo pa sukulu hatchiyo iziphunzitsa ana kupesa, kunyamula ziboda ndi kumanga bridle, popanda woikwera.